Kupuma Movutikira Pambuyo pa Mankhwala a Khansa

Masiku ano si chachilendonso kuona munthu wa m'mudzi mwathu akunyamuka m'mamawa kupita ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu kukalandira mankhwala a khansa, kenaka n'kubwerera kwawo kukadikira tsiku lina limene adokotala amulembera. Mankhwala amenewa, omwe kuchipatala amawatcha chemotherapy, achiritsa anthu ena ndipo atalikitsa moyo wa enanso ambiri. Komabe ena mwa odwalawa akafika kunyumba amakumana ndi vuto limene sadaliyembekezere, ndilo kuperewera kwa mpweya. Mayi amene kale ankasenza ndowa yodzaza kuchokera kumjigo osatula panjira, tsopano amaima kawiri kapena katatu. Bambo amene ankakwera chitunda ali panjinga, tsopano amatsika n'kumaikankha ali wefuwefu.

Zikatere achibale amasiyana maganizo. Ena amati ndi mphamvu ya mankhwala chabe, zitha zokha. Ena amati khansa yafalikira, palibenso chochita. Enanso amayamba kuloza zala anansi awo. Pamene akukambirana choncho masiku akupita, wodwala ali chigonere m'nyumba.

Mwezi uno tikufuna kuti awerengi athu amvetse mfundo imodzi. Phuma ndi chizindikiro chimene chili ndi magwero angapo. Magwero ena amatha ndi chithandizo cha masiku ochepa, ena angathe kupha munthu pa masiku awiri okha ngati sadaonedwe msanga, ndipo ena amatsala ndi munthu kwa miyezi kapena zaka. Palibe amene angasiyanitse magwero amenewa pongoyang'ana ndi maso, ngakhale dokotala amene. Motero ntchito yoyamba ndi kukapimitsa. Kuphunzira kukhala ndi phuma ndi ntchito yachiwiri, ndipo imayamba achipatala atanena gwero lake.

MMENE MPWEYA UMAFIKIRA M'THUPI

Munthu wamkulu amene ali bwino akakhala pansi amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi. Mu mpweya umene amakokawo muli gawo lina lotchedwa okosijeni, limene ziwalo zonse zimalifuna kuti zigwire ntchito. Kuti okosijeni afike kumiyendo, kuubongo ndi kwina konse, pali antchito atatu amene ayenera kugwirizana. Mapapo amalandira mpweya m'timatumba tawo ting'onoting'ono, tomwe tilipo mamiliyoni mazanamazana, ndipo khungu la timatumbati ndi lopyapyala kwambiri kotero kuti okosijeni amadutsa n'kulowa m'magazi. Magazi amamunyamula m'maselo ake ofiira. Mtima ndiwo umapopa magaziwo kuti azungulire thupi lonse.

Tingayerekeze ndi madzi a pakhomo. Mapapo ali ngati chitsime, magazi ali ngati ndowa, ndipo mtima ndiye wosenza ndowazo. Mtsuko wa m'nyumba ungathe kuuma chifukwa chitsime chaphwa, kapena chifukwa ndowa zachepa, kapenanso chifukwa wosenza wafooka. Ludzu lake ndi limodzimodzi, koma kukonza kwake n'kosiyana. Mankhwala a khansa, ndiponso khansa yeniyeniyo, zingathe kukhudza aliyense wa antchito atatuwa.

KUCHEPA KWA MAGAZI

Mankhwala a khansa amagwira ntchito popha maselo amene amachulukana mofulumira. Maselo a khansa ndi otero, koma nawonso maselo a m'kati mwa mafupa, momwe magazi amapangidwira, amachulukana mofulumira, choncho mankhwala amawakhudza. Selo lofiira la magazi limakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120. Akale akamatha pamene atsopano sakupangidwa mokwanira, magazi amachepa pang'onopang'ono, ndipo n'chifukwa chake phuma la mtundu uwu limaonekera kwambiri munthu akalandira mankhwala maulendo angapo. Wodwala amatopa msanga, amamva chizungulire podzuka, mtima umagunda mothamanga, ndipo zikhatho, lilime ndi m'kati mwa zikope mumayera. Amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero amene amataya magazi, ndiponso aliyense amene wadwala malungo pa nthawi ya mankhwalayi, magazi awo amatsika mofulumira koposa.

Kupima kwake sikuvuta, pakuti dontho limodzi la magazi a pachala limakwanira. Nambala imene achipatala amawerenga iyenera kukhala 12 kapena kuposa kwa mayi, ndi 13 kapena kuposa kwa bambo. Ikatsika kufika cha m'ma 7, kapena ngati wodwala akubanika kwambiri, adokotala amalamula kuti awonjezeredwe magazi, ndipo ambiri amamva kupepukidwa pa tsiku limodzi kapena awiri. Bonongwe, nkhwani, khwanya, nyemba, usipa, mazira ndi chiwindi zimathandiza thupi kupanga magazi, makamaka zikadyedwa pamodzi ndi zipatso monga malambe, magwafa ndi malalanje. Koma magazi akatsika kwambiri, ndiwo zokha sizingawakweze msanga. Kugona m'masikito usiku uliwonse kumateteza magazi ochepa amene atsalawo.

CHIBAYO NDI CHIFUWA CHACHIKULU

M'mafupa momwemo mumapangidwanso maselo oyera, omwe ndi asilikali a thupi. Asilikaliwa amatsika kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi tsiku la 14 kuchokera pamene munthu walandira mankhwala, kenaka amayamba kukweranso. Masiku amenewa ndiwo oopsa, ndipo mwatsoka ndi masiku amene wodwala amakhala ali kumudzi, kutali ndi chipatala chachikulu. Chimfine chimene mwana wa m'nyumbamo amachira nacho pa masiku atatu chingathe kusanduka chibayo mwa munthu wopanda asilikali, ndipo chibayocho chingathe kulowa m'magazi pa maola ochepa.

Lamulo lake ndi ili. Munthu amene akulandira mankhwala a khansa akatentha thupi kufika madigiri 38, kapena akayamba kunjenjemera ndi kuzizidwa ngakhale palibe chopimira, apite kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku. Asamwe panado n'kugona kuti aone mmene kuchere, popeza panado amatsitsa kutentha koma sapha tizilombo. Wodwala wotere amafunika jakisoni wa mankhwala opha tizilombo mwamsanga, ndiponso kupimidwa malungo.

Chifuwa chachikulu nachonso chimakonda thupi lofooka. Chimabwera mwakachetechete, ndi kutsokomola kosatha, thukuta la usiku, kuonda ndi kutentha thupi kwa madzulo. Popeza khansa nayonso imaondetsa, n'kwapafupi kuganiza kuti zonsezi ndi khansa basi. Wodwala wotsokomola apereke makhololo kuti apimidwe. Makina otchedwa GeneXpert, amene bungwe la zaumoyo la dziko lonse lidawavomereza mu 2010, amatulutsa yankho pa maola awiri, ndipo mankhwala a chifuwa chachikulu amaperekedwa ulere m'zipatala za boma. Chifuwa chachikulu chimachizika ngakhale mwa munthu wodwala khansa. Amene ali ndi kachilombo ka HIV apitirize kumwa ma ARV ndi bakitirimu monga adauzidwira, pakuti mankhwala amenewa ndiwo amatchinjiriza mapapo ku matenda ena oopsa.

MANKHWALA AMENE AMAKHUDZA MAPAPO

Pali mankhwala ena a khansa amene amavulaza mapapo enieniwo, ndipo odziwika kwambiri ndi bleomycin. Mankhwalawa adawapeza ndi katswiri wa ku Japan dzina lake Hamao Umezawa m'zaka za m'ma 1960, kuchokera ku tizilombo ta m'dothi. Kwathu kuno akhala akugwiritsidwa ntchito kwambiri pa khansa ya Kaposi, ija imatulutsa zikanga zakuda pakhungu ndi kutupitsa miyendo, yomwe ndi imodzi mwa khansa zofala m'dziko muno. Amaperekedwanso pa khansa ya mwanabere yotchedwa Hodgkin ndi pa khansa ya machende.

Thupi lili ndi mphamvu yake yophwanyira bleomycin, koma mphamvuyi ndi yochepa m'mapapo ndi pakhungu. Motero mwa anthu ena timatumba ta mpweya tija timatupa, ndipo mankhwala akapitirizidwa timasanduka zipsera. Papo la zipsera limauma ngati chikopa chosafufuta, silitambasuka bwino, ndipo okosijeni amavutika kudutsa. Vutoli limagwera pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 olandira mankhwalawa. Limakonda okalamba, odwala impso, osuta fodya, amene adawotchedwapo khansa pachifuwa ndi makina, ndiponso amene mlingo wonse wa mankhwala amene alandira wapitirira mayunitsi 400. N'chifukwa chake anamwino amalemba mlingo wa ulendo uliwonse n'kumawonkhetsa.

Chizindikiro choyamba ndi chifuwa chouma chopanda makhololo, pamodzi ndi phuma limene limayamba poyenda n'kumakula mlungu ndi mlungu. Zingathe kuyamba mankhwala ali m'kati, kapena patapita miyezi ingapo atatha. Wodwala akanena msanga, adokotala amasiya bleomycin n'kusankha mankhwala ena, ndipo mapapo a ambiri amabwerera mwakale. Akabisa poopa kuti amuimitsa mankhwala, zipsera zimakhazikika ndipo sizichokanso.

Mu 2020 padatuluka zotsatira za kafukufuku amene adachitika m'maiko 6, kuphatikizapo Malawi, Zimbabwe, Kenya ndi Uganda, zosonyeza kuti mankhwala otchedwa paclitaxel amagonjetsa khansa ya Kaposi yofalikira kuposa bleomycin wophatikiza ndi vincristine. Choncho kumene paclitaxel akupezeka, odwala ambiri amalandira ameneyu. Naye ali ndi khalidwe lake. Anthu ena amabanika, kufiira kapena kutupa nkhope pa mphindi zoyambirira diripi itangoyamba kulowa. Zikatero itanani anamwino pomwepo kuti atseke diripiyo.

Aliyense amene adalandirapo bleomycin akumbukire dzinali moyo wake wonse. Akadzafuna opaleshoni, ngakhale patapita zaka, awauze adokotala ogonetsa tulo, chifukwa okosijeni wochuluka kupitirira muyeso angathe kudzutsa vuto la m'mapapo. Izi sizitanthauza kuti akane okosijeni pamene akumufuna ayi. Achipatala akadziwa, amamupatsa mlingo woyenera.

MTIMA WOFOOKA, MADZI NDI MAGAZI OUNDANA

Odwala khansa ya m'mawere ndi ya mwanabere amawadziwa mankhwala ofiira otchedwa doxorubicin, amene amafiiritsa mkodzo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kufiira kwa mkodzoko sikoopsa. Choopsa n'chakuti mankhwalawa akachuluka amafoola mnofu wa mtima, ndipo kufookako kungaonekere patapita miyezi ngakhale zaka. Mtima ukalephera kupopa bwino, madzi amadikha m'mapapo ndi m'miyendo. Wodwala amatupa akakolo, amalephera kugona chagada, ndipo amadzidzimuka pakati pa usiku akusowa mpweya. Alipo mapiritsi ochotsa madzi ndi olimbitsa mtima amene amathandiza kwambiri, ndipo wodwala amalangizidwa kuchepetsa mchere.

Nthawi zina gwero ndi khansa yeniyeniyo. Khansa ya m'mawere, ya Kaposi ndi zina zingathe kusonkhanitsa madzi pakati pa papo ndi nthiti, ndipo madziwo amapanikiza papo kuti lisatambasuke. Adokotala amawachotsa ndi singano kapena kapaipi, nthawi zina lita imodzi kapena kuposa, ndipo wodwala amapeza mpumulo tsiku lomwelo. Madziwa amapimidwanso, chifukwa chifuwa chachikulu nachonso chimasonkhanitsa madzi pamalo omwewo.

Khansa imachititsanso magazi kuundana msanga, makamaka mwa munthu amene amagona nthawi yaitali. Chibuma cha magazi chimayamba m'mitsempha ya mwendo, mwendo umodzi n'kutupa, kutentha ndi kupweteka pakatumba. Chikasuntha chimakatseka mtsempha wa m'mapapo, ndipo munthu amabanika mwadzidzidzi ndi kumva kubaya m'chifuwa. Mwendo wotere usasisitidwe kapena kuthowedwa. Wodwala anyamulidwe kupita kuchipatala.

ZIZINDIKIRO ZOSAFUNIKA KUGONA NAZO

Pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngati wodwala ali ndi chimodzi mwa izi:

1. Akubanika ali chikhalire, kapena sangathe kumaliza chiganizo osapumira.
2. Phuma labwera mwadzidzidzi, kapena lakula kwambiri pa tsiku limodzi.
3. Watentha thupi kapena akunjenjemera.
4. Akumva kubaya kapena kupanikiza m'chifuwa.
5. Akutsokomola magazi.
6. Milomo, lilime kapena zikhadabo zasintha mtundu n'kuoneka zotuwa kapena zobiriwira.
7. Akusokonezeka mutu, akuwodzera mosadziwika bwino, kapena wakomoka.
8. Akupuma kopitirira ka 30 pa mphindi imodzi.
9. Nkhope ndi khosi zatupa, kapena mwendo umodzi watupa ndi kupweteka.

Banja lililonse limene lili ndi wodwala wotere lipangane kusadade za mayendedwe. Mudziwiretu mwini njinga, ngolo kapena galimoto amene mungamudzutse usiku, ndipo musunge padera ndalama ya ulendowo. Wodwala asayende pansi mtunda wautali ali wobanika, ndipo panjira akhale tsonga, asagonekedwe chagada.

MUKAFIKA KUCHIPATALA

Musaime pamzere mwakachetechete. Uzani wolandira odwala kuti munthuyu akulandira mankhwala a khansa ndipo akubanika, pakuti wodwala wotere amayenera kuonedwa mwachangu. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Nyamulani kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa, ngakhale a zitsamba. Nenani tsiku limene adalandira mankhwala komaliza, tsiku limene phuma lidayamba, ndi ntchito zimene ankatha mlungu wathawu koma lero sakuzitha.

Achipatala adzawerenga kapumidwe, adzapima kutentha kwa thupi, adzamvetsera m'chifuwa, ndipo adzapanitsa chala ndi kachipangizo kosonyeza kuchuluka kwa okosijeni m'magazi. Munthu wabwinobwino amasonyeza 95 kapena kuposa, ndipo nambala ikatsika pansi pa 90 amafunika okosijeni. Ngati chipatala chaching'ono chilibe zida zojambulira m'chifuwa, adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha boma lanu. Musabwerere kunyumba ndi kalata yotumizirayo m'thumba.

Pa ulendo wotsatira wokalandira mankhwala a khansa, fotokozani zonse zimene zidachitika diripi isadaikidwe. Pemphaninso anamwino kuti akulembereni m'kabuku maina a mankhwala amene mukulandira, ndi kukuuzani ngati ena mwa iwo amakhudza mapapo kapena mtima. Safunsa adadya phula.

ZOYENERA KUPEWA

Musagule mankhwala a mphumu kapena mapiritsi a prednisolone kwa ogulitsa pamsika. N'zoona kuti adokotala amapereka prednisolone kwa munthu amene mapapo ake atupa ndi bleomycin, koma amatero atatsimikiza kuti si chifuwa chachikulu. Mapiritsi omwewo amafoola asilikali a thupi, amakulitsa chifuwa chachikulu chimene sichikuchizidwa, ndipo amafulumizitsa khansa ya Kaposi.

Musamufunditse wodwala bulangete kuti afukize utsi wa zitsamba kapena nthunzi yotentha, pakuti munthu wosowa mpweya mukumumananso wochepa umene ali nawo. Musamuteme mphini pachifuwa. Pa nthawi ya mankhwala a khansa magazi sachedwa kutuluka koma amachedwa kuleka, ndipo kabala kakang'ono kangathe kulowetsa tizilombo m'thupi lopanda chitetezo. Ndiponso musasiye mankhwala a khansa mwa inu nokha. Adokotala angathe kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu kapena kuchedwetsa tsiku, koma amatero akauzidwa.

KUKHALA NDI PHUMA LIMENE LATSALA

Gwero likapezeka ndi kuthandizidwa, anthu ena amatsalabe ndi phuma. Awa angathe kuphunzira njira zochepetsera vutoli, ndipo njirazi sizilira ndalama.

Choyamba ndi kakhalidwe. Phuma likabwera, khalani pampando kapena pakhonde, weramirani kutsogolo pang'ono, zigongono zitsamire pamaondo, mapewa agwe pansi. Mukakhala panjira, tsamirani mtengo kapena khoma. Usiku gonani chotsamira, ndi mabulangete opinda kapena thumba lodzaza kumsana, kuti chifuwa chikhale chokwera kuposa mimba.

Chachiwiri ndi kapumidwe. Munthu wobanika amalimbana ndi kukoka mpweya mofulumira ndi mapewa, ndipo zimenezi zimangomutopetsa. M'malo mwake ikani dzanja pamchombo, kokani mpweya ndi mphuno mofatsa mukuwerenga mumtima kufika 2, mimba ikwere pansi pa dzanjalo. Kenaka tulutsani mpweya ndi milomo yosongoka, monga mayi amauzira phala lotentha la mwana, mukuwerenga kufika 4. Maganizo anu akhale pa kutulutsa, popeza kukoka kumabwera kokha. Phunzirani njirayi muli bwino, mphindi 5 m'mawa, masana ndi madzulo, kuti tsiku la phuma thupi lidzaikumbukire lokha.

Chachitatu ndi kamphepo ka kumaso. Mu 2010 madokotala a ku Cambridge, m'dziko la England, adasonyeza kuti kamphepo kozizira kowomba pamphuno ndi pakamwa kwa mphindi 5 kamachepetsa kumva kubanika. Mitsempha ya kumaso ikamva kuzizira imatumiza uthenga kuubongo, ndipo ubongo umachepetsa kuliza belu la ngozi. Kumudzi chikatoni, lichero laling'ono kapena chivundikiro cha poto n'chokwanira kukupizira. Kukhala pakhomo pamene pakupita mphepo, kapena kupukuta kumaso ndi kansalu konyowa, kumathandizanso.

Chachinayi ndi kugawa ntchito. Tungani theka la ndowa kawiri m'malo mwa ndowa yodzaza kamodzi. Sambani, chapani ndi kuphika muli chikhalire. Pewani kuwerama kwa nthawi yaitali, chifukwa mimba imakankha mapapo. Ponyamula chinthu kapena pokwera pamalo, tulutsani mpweya pa nthawi yogwiritsa mphamvuyo. Ntchito zolemetsa zichitike m'mawa kusadatenthe, ndipo pumulani musadatheretu.

Chachisanu ndi kuyenda. Ambiri amaopa kuti kubanika poyenda kukuwononga mapapo, choncho amangogona. Koma minofu yosagwira ntchito imafooka, ndipo minofu yofooka imafuna okosijeni wambiri pa ntchito yochepa, motero phuma limakula. Adokotala akavomereza, sankhani mtengo kapena nyumba yapafupi ndipo muziyenda kukafika pamenepo tsiku lililonse, pa liwiro limene mungathe kulankhula mawu ochepa mukuyenda. Pakatha mlungu onjezerani mtunda pang'ono. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachisanu ndi chimodzi ndi mpweya wa pakhomo. Wodwala asakhale m'khitchini ya utsi. Phikirani panja kapena pamalo opita mphepo, ndi nkhuni zouma, ndipo chitetezo mbaula chimathandiza chifukwa chimadya nkhuni zochepa. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotseka, pakuti makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo. Wazani madzi musadasese. Wodwala atalikire fumbi la kuchigayo, la m'chigafa cha fodya, utsi wa minda yotenthedwa m'chilimwe, ndi mankhwala othira m'chimanga. Wosuta ndudu kapena chingambwe aleke, ndipo ena asasutire pafupi naye.

Pa chakudya, mbale yaikulu ya nsima imadzaza mimba n'kupanikiza mapapo. N'kwabwino kudya pang'ono ka 5 kapena ka 6 pa tsiku, zakudya zofewa monga phala la nsinjiro, mbatata, nthochi ndi mazira. Amene amatsamwa kapena kutsokomola akamameza, makamaka odwala khansa ya kummero, adye ali tsonga ndipo awauze achipatala, chifukwa chakudya cholowera kumapapo chimayambitsa chibayo.

MAWU KWA OSAMALIRA ODWALA

Kusowa mpweya kumaopsa, ndipo mantha amafulumizitsa kupuma, kupuma kofulumirako n'kuonjezeranso mantha. Wosamalira wodwala angathe kudula chingwe chimenechi. Pamene phuma lagwira, anthu asadzaze m'chipinda ndipo asayambe kulira. Mmodzi yekha akhale pambali pa wodwala, atsegule zenera, amukupize kumaso, aike dzanja paphewa pake ndi kumawerenga naye mofatsa. Musamufunse mafunso ofuna mayankho aatali. Ngati phuma ndi lija lozolowereka, kawirikawiri limatsika pa mphindi zochepa. Likapanda kutsika, kapena likasiyana ndi la masiku onse, nyamukani.

Kwa amene phuma lawo ndi lalikulu ndipo gwero lake silingachotsedwe, chithandizo chilipobe. Chigawo cha Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene chidayamba mu 2003, ndi malo a Ndi Moyo ku Salima, amene adatsegulidwa mu 2007, ndi ena mwa malo osamalira odwala matenda okhalitsa, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zili ndi anamwino ophunzitsidwa ntchito yomweyi. Iwo angathe kupereka morphine wamadzi pa mlingo wochepa kwambiri, amene amachepetsa kumva kubanika monga mmene amachepetsera ululu. Anthu ena amaganiza kuti morphine amaperekedwa kwa munthu amene watsala pang'ono kumwalira, kapena kuti amafupikitsa moyo. Si choncho. Akamwedwa pa mlingo umene walembedwa, amathandiza munthu kugona, kudya ndi kucheza ndi abale ake. Amaumitsa m'mimba, choncho amaperekedwa pamodzi ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi. Botolo lake lisungidwe patali ndi ana ndipo lisabwerekedwe kwa wina.

Ntchito yosamalira wodwala isasiyidwe kwa mayi mmodzi kapena mwana wa sukulu. Achibale agawane masiku, a mpingo athandize kutunga madzi ndi kulima, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adziwitsidwe kuti m'nyumba yakutiyakuti muli munthu wolandira mankhwala a khansa.

Inu amene mwawerenga nkhaniyi muli pabenchi kudikira sikelo kapena mankhwala, mwina mukudziwa mnansi amene adabwera kuchokera kuchipatala chachikulu ndipo masiku ano saonekanso kumjigo kapena kumunda. Kamuoneni lero. Mufunseni mmene akupumira, muwerengereni zizindikiro 9 zija, ndipo ngati ali ndi chimodzi mwa izo, muthandizeni kupeza njinga.